ZA PAKHOMO: Kukonzetsa Diresi la Ukwati

 Mvula yatha, chimanga chalowa m'nkhokwe, ndipo nyengo ya maukwati yafika. Kuyambira tsopano kufikira mvula idzagwanso, palibe Loweruka limene lidzapita popanda nthungululu pa tchalitchi china. Mwezi uno ndafuna kuti tikambirane kanthu kamene makomiti a ukwati amakaika kumapeto kwenikweni, pansi pa mpunga, nkhuku ndi galimoto, koma kamene kaliritsa ana athu aakazi ambiri pa tsiku lawo lachimwemwe. Ndikunena za kukonzetsa diresi la ukwati kuti limkwane mwini wake.

Ndiyambe ndi kuulula cholakwa changa, pakuti wolangiza anzake ayenera kuyamba waonetsa chipsera chake. Zaka zingapo zapitazo mwana wa mkulu wanga adapeza banja, ndipo abale adandipatsa ine udindo womuveka. Diresi lidachokera ku Johannesburg, kumene mlongo wake amagwira ntchito, ndipo lidafika pa basi kutatsala miyezi iwiri yathunthu. Tidalitulutsa m'katoni, tidaligwiragwira, tidaimba nthungululu. Mwana adalivala ali chiimire pakati pa nyumba, wopanda nsapato. Zipi idakwera mokakamiza ndithu, koma tonse tidati, "Lakwana, lakwana!" pakuti padalibe wofuna kukhala woyamba kupeza chilema pa mphatso yochokera kutali. Tidalipinda ndi kulibweza m'katoni, ndipo mitima yathu idapita ku mpunga ndi nkhuni.

Lachinayi la sabata ya ukwati tidalitulutsanso, tsono zipi idakanira pakati pa msana. Lachisanu m'mawa tidathamangira kwa telala wina wa pakhonde, bambo waulemu amene mayunifolomu a ana a sukulu amawasoka bwino zedi. Iwo adatiuza poyera kuti nsalu yotere sadaizolowere, koma tidawaumiriza. Adamasula misoko ya m'mbali ndi kuisokanso m'mphepete mwenimweni mwa nsalu, chifukwa padalibe pena popezera malo. Loweruka mwana adalowa m'tchalitchi akuwala ngati mwezi. Koma pamene abusa adauza akwati kuti agwade, ife okhala pa benchi loyamba tidamva kuti kwee! Msoko udatseguka kuyambira m'khwapa kufikira m'chiuno. Ndidamphimba ndi velo, ndipo titatuluka ndidagwiriza ndi mapini, koma tsiku lonse mkono wake wamanzere sudachoke pa nthiti. Sadavine, sadakweze dzanja kupatsa anthu moni, ndipo zithunzi za tsikulo kufikira lero zili m'sutikesi. Atelala aja ndilibe nawo mlandu. Olakwa tidali ife, amene tidali ndi miyezi iwiri m'manja n'kuisandutsa tsiku limodzi.

Chifukwa chake diresi logula silikwana

Mwambo wa diresi loyera sudayambe ndi makolo athu. Udafala kuchokera ku England, pamene Mfumukazi Victoria adakwatiwa ndi Albert ku London pa 10 Febuluwale 1840, atavala diresi la silika woyera lokongoletsedwa ndi nsalu ya lesi yolukidwa pamanja ku Devon. Izi zisanachitike, akwatibwi ambiri akumeneko ankangovala chovala chawo chabwino koposa, cha mtundu uliwonse. Kwathu kuno mwambowu udabwera pamodzi ndi amishoni ndi maukwati a m'tchalitchi. Koma taonani ichi: diresi la Victoria lidasokedwa pa muyeso wa thupi lake iye yekha, ndipo lidasokedwa ndi manja, pakuti makina otchuka aja a Singer adadza pambuyo pake, mu 1851.

Lero zinthu zidasintha. Madiresi ambiri amene ana athu amavala adasokedwa ku fakitale, ochuluka a iwo ku China, ndi anthu amene mkwatibwi sadamuonepo. Ena amagulidwa pa kaunjika, ena ndi obwereka, ena amatumizidwa ndi abale a ku South Africa kapena ku Britain, ndipo ena ndi amene adavala mkulu wake wa mkwatibwi. Onsewa adasokedwera thupi la wina. Anthufe sitidaumbidwe pa chikombole chimodzi ngati njerwa. Wina ndi wochepa pachifuwa koma wotambalala m'chiuno, wina ndi wamfupi msana, wina phewa limodzi n'lotsikirapo chifukwa cha kusenza ndi kubereka ana a pakhomo. Kotero diresi likapanda kukwana, cholakwa sichili pa thupi la mwana wanu, ndipo palibe chochititsa manyazi. Limangofunika kukonzedwa.

Musakhulupirirenso nambala yolembedwa pakhosi pa diresi. Saizi imene ku Britain amaitcha 12, ku America kawirikawiri amalemba 8, ndipo ku South Africa 36. Kuwonjezera apo, madiresi a ukwati amakonda kuchepa kuposa zovala za masiku onse za nambala yomweyo. Ngati mutuma mbale wakutali, mtumizireni miyeso ya tepi: pachifuwa, pamimba pamene thupi lichepa, m'chiuno pamene litambalala, ndi kutalika kuchokera paphewa kufika pansi. Muuzeni asankhe diresi lokwana pamene mwanayo ali wamkulu koposa. Kwinako telala adzabweza.

Chimene telala angathe, ndi chimene sangathe

Lamulo lalikulu pa nkhani yonseyi ndi ili: kubweza n'kosavuta, kukulitsa n'kovuta. Diresi lalikulu telala angalibweze ndi saizi imodzi kapena ziwiri popanda kuononga maonekedwe ake. Kupitirira apo, khosi, mapewa ndi maluwa a pachifuwa zimayamba kuchoka m'malo mwake, ndipo ntchito imakhala ngati kusoka diresi latsopano.

Diresi laling'ono limadalira nsalu imene osoka adasiya m'kati mwa msoko. Litembenuzeni muone. Ngati nsalu yotsalayo ili inchi imodzi, telala angasunthe msoko ndi theka la inchi, n'kusiya theka linalo kuti ulusi ukhale ndi pogwira. Pa misoko iwiri ya m'mbali, zimenezi zimawonjezera mainchi 2 kuzungulira thupi, ndiye kuti pafupifupi saizi imodzi. Koma zovala zambiri za ku fakitale zimangotsala ndi theka la inchi kapena kuchepera apo, ndipo pamenepo palibe chotenga. Kukakamiza ndiko kudatichititsa manyazi ife tsiku lija. Dziwaninso kuti nsalu ya satini imasunga zipsera za singano, kotero msoko wakale ungaonekebe ngakhale mutasita.

Sikuti diresi lochepa latayika ayi. Telala wodziwa angachotse zipi ndi kuika timaso m'mbali zonse ziwiri za msana, mopisa chingwe cha riboni monga timangira nsapato, ndi kansalu koyera kumbuyo kwake kobisa msana. Njira imeneyi imawonjezera mainchi angapo, ndipo ubwino wake ndi wakuti woveka angathe kumangitsa kapena kumasulako pa tsikulo. Njira ina ndiyo kulowetsa nsalu m'mbali pansi pa makhwapa, koma nsaluyo ifanane ndi ya diresi. Zoyera zili mitundumitundu. Pali choyera ngati ufa woyera, pali choyera ngati mkaka, ndipo mukaziika pamodzi padzuwa diso silinamizika. Nsalu yodulidwa m'munsi pofupikitsa diresi musaitaye, chifukwa ndiyo yofanana nalo koposa ina iliyonse.

Kufupikitsa nako kuli ndi nzeru zake. Kutsogolo mpendero ukhale pafupifupi inchi imodzi pamwamba pa nthaka mkwatibwi atavala nsapato, kuti asauponde pokwera masitepe, koma kumbuyo mchira usiyidwe monga uliri. Ngati m'munsi muli maluwa a lesi, sadulidwa ndi sizasi. Amamasulidwa ndi manja, diresi n'kufupikitsidwa, maluwawo n'kubwezeredwanso. Mikanda nayo, imene ili pafupi ndi msoko imayamba yachotsedwa, apo ayi singano ya makina imathyoka. Ndipo popeza mikanda yambiri imakhala pa ulusi umodzi, wodula osamanga mfundo amaona mikanda ikuyoyoka umodziumodzi ngati mapira kufikira tsiku la ukwati. Ntchito zonsezi ndi za manja, ndipo ntchito ya manja siithamangitsidwa.

Pitani katatu, ndipo yambani msanga

Akuluakulu adati zengerezu adalinda kwawukwawu. Ngati mudikira kuti ukwati uyambe kulengezedwa m'tchalitchi ndipo mukaone telala, mwachedwa kale. Ulendo woyamba ukhale kutatsala miyezi iwiri kapena itatu. Pamenepo telala amayeza, amabaya mapini, amalemba ndi choko, ndipo mumagwirizana za ntchito ndi mtengo wake. Ulendo wachiwiri ukhale kutatsala mwezi umodzi. Telala wanzeru amakhala atangosoka mogwiriza, asadadule kanthu, kuti ngati palakwika abweze. Chodulidwa sichimeranso ngati tsitsi. Ulendo wachitatu ukhale kutatsala sabata imodzi kapena ziwiri, woonetsetsa zonse ndi kutenga diresi. Mukamuuza telala tsiku limene mufuna diresi, musatchule tsiku la ukwati lenileni. Dzisiyireni masiku khumi a maliro, matenda ndi kuthima kwa magetsi, pakuti izi sizipempha chilolezo.

Pa maulendo onsewa mkwatibwi atenge nsapato zenizeni zimene adzavale, zovala zam'kati za tsikulo, ndi pitikoti ngati diresi lili lotambalala. Nsapato zikasintha, kutalika kwa diresi kwasintha. Chovala cham'kati chikasintha, pachifuwa pasintha. Apite ndi munthu mmodzi kapena awiri olankhula zoona mwachikondi, ndipo mmodzi wa iwo akhale amene adzamuveke, kuti aphunzire kumanga zingwe ndi mabatani. Khamu la anzake asanu ndi awiri limangosokoneza telala.

Ndipo poyesa diresi, mwana wanga, musangoima pa galasi ngati chidole cha m'sitolo. Tsiku la ukwati simudzakhala chiimire. Khalani pampando ndi kupuma mpweya wodzaza chifuwa. Gwadani maondo onse awiri monga mudzagwadire polandira mdalitso, kenaka dzukani. Weramani ngati mukulemba dzina m'buku la ukwati, ndipo mnzanu aone ngati pachifuwa pakutseguka. Kwezani manja, yendani, kwerani sitepe, vinani pang'ono, popeza perekaniperekani amatenga maola. Diresi limene likukanizani chimodzi mwa izi silidakwane, ngakhale likongole chotani. Pemphaninso telala aike kabatani kapena tizingwe tokwezera mchira mukatuluka m'tchalitchi, kuti usasese fumbi la pabwalo ndi kupondedwa ndi ovina.

Kusankha telala

Si telala aliyense amene adziwa diresi la ukwati, monganso si mmisiri aliyense wa mipando amene angakhome denga la tchalitchi. Izi si zonyoza atelala athu a pakhonde, amene amativeka chaka chonse. Funsani amayi a mumpingo amene akwatitsa ana posachedwa. Pemphani kuona ntchito imene telalayo adagwirapo, ndipo muitembenuze muone m'kati mwake. Yang'anani ngati malo ake ndi aukhondo, chifukwa dontho limodzi la mafuta a makina pa satini silichoka msanga. Telala wabwino amasamba m'manja, amayala nsalu pansi, amaika singano yatsopano yopyapyala, ndipo sachita manyazi kunena kuti, "Izi sindingathe." Wovomera zonse mosayang'ana n'komwe m'kati mwa diresi, muopeni.

Abambo a m'komiti, nanunso mawu anu ndi awa. Ndalama ya telala ilembedwe pa mndandanda kuyambira tsiku loyamba. Si bwino kupha ng'ombe ndi kubwereka galimoto zisanu, koma n'kumakangana ndi telala pa mtengo wa ntchito ya masiku anayi. Gwirizanani mtengo ntchito isanayambe, perekani gawo, ndipo lotsalalo mupereke potenga diresi, osati pambuyo pa perekaniperekani.

Diresi lobwereka

Kubwereka diresi si chamanyazi. Chovala cha tsiku limodzi sichiyenera kusiya banja latsopano m'ngongole. Koma kumbukirani kuti nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka. Diresi la mwini, kaya ndi la mbale kaya la obwereketsa, silidulidwa popanda chilolezo chake. Lingapindidwe m'kati ndi kusokedwa ndi manja mogwiriza, kuti ukwati ukatha ulusiwo umasulidwe. Ngati litalika, nsapato zazitali pang'ono kapena pitikoti wotambalala zingathandize. Musanalitenge, liyang'aneni pamodzi ndi mwini wake poyera: zipi, m'makhwapa, mpendero ndi madontho alionse, kuti pobweza pasadzakhale mlandu. Ndaonapo chibale chikuzizira zaka chifukwa cha mainchi 3 amene adadulidwa pa diresi la mlamu.

Amayi, nenani msanga

Madiresi ambiri obwera masiku ano alibe manja, ndipo ena ndi otsika kwambiri pachifuwa kapena kumsana. M'mipingo yathu yambiri amayembekeza kuti mkwatibwi alowe m'nyumba yopemphereramo ataphimba mapewa. Nkhani imeneyi ikambidwe pa ulendo woyamba wa kwa telala, mutafunsa abusa kapena alangizi. Telala angaike manja a lesi, angakweze khosi, kapena angasoke kajekete kakang'ono kofanana ndi diresi, ndipo woona sangadziwe kuti n'zowonjezera. Chimene sichili bwino ndicho kukhala chete miyezi itatu, kenaka m'mawa wa ukwati n'kumukalipira mwana pa khomo la tchalitchi ndi kumufunditsa nsalu yosagwirizana ndi chilichonse. Amayi ndi apongozi, ngati muli ndi mawu, anene singano isadalowe. Inunso asungwana, funsani. Safunsa adadya phula.

Mawu kwa asungwana

Tsopano ndifike pa chimene chandilembetsa kwambiri nkhaniyi. Ndamva asungwana akunena kuti, "Diresi n'lochepa, koma ndichepa ndine." Amasala nsima, amamwa mankhwala oondetsa osadziwika kumene achokera, amadzimanga pamimba kufikira kusowa mpweya. Wina ndidamuona akugwa chikomokere pakati pa malumbiro, m'kutentha kwa Okutobala, ali ndi masiku atatu osadya mokwanira.

Msampha umenewu sukola osauka okha. Pa 29 Julayi 1981 anthu a m'maiko ambiri adaonerera Diana Spencer akulowa mu St Paul's Cathedral ku London kukakwatiwa ndi Charles, atavala diresi la mchira wotalika mamita oposa 7. Osoka ake, David ndi Elizabeth Emanuel, adafunika kulibweza kangapo, chifukwa m'miyezi ya chitomero mkwatibwi adaonda kwambiri. Patapita zaka Diana mwini adaulula kuti nyengo imeneyo ndi imene idamuyamba nthenda yoipa ya kadyedwe, yodya n'kumadzisanzitsa, imene idamsautsa zaka zambiri. Anthu adaona diresi, koma wovutika m'kati mwake sadamuone. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ana anga, nsalu ndiyo iyenera kugonjera thupi. Mnyamata amene adatuma ankhoswe kwanu adakuonani monga muliri, ndipo sadafunsire diresi. Idyani monga mwa masiku onse, kuti muyeso umene telala adatenga ukhale woona kufikira tsikulo.

Pali chinanso chovuta kunena, koma amayi sitingachilambalale. Nthawi zina diresi limene lidakwana mwezi watha limakana chifukwa msungwana ndi woyembekezera, ndipo mantha amamtseka pakamwa. Mwana wanga, tepi ya telala siinamizika, ndipo kudzimanga zingwe kumangokupweteka wekha. Mbewa ya manyazi idafera kuuna. Uza amayi ako kapena alangizi msanga, kuti akuthandize m'njira yoyenera pamene nthawi ikadalipo. Inu amayi, mwana akakuuzani, yambani mwamva musadakalipe.

Diresi likafika kunyumba

Likoloweke pa tizingwe take ta m'kati, osati pa lesi ya m'mapewa, ndipo liphimbidwe ndi nsalu yoyera yogonera, kutali ndi utsi wa kukhitchini. Madiresi ambiri a lero ndi a poliyesita, nsalu imene imasungunuka ikakumana ndi moto wambiri. Simbi ikhale yofunda chabe, musite mbali ya m'kati, mutayala kansalu koyera ka thonje pamwamba. Simbi ya makala ndi yoopsa pa ntchito imeneyi chifukwa cha phulusa ndi nthethe zake. Ngati palibe ina, ipukuteni bwino, dikirani izizireko, ndipo yesani poyamba pa kansalu kodulidwa kaja. Velo ndi lesi sizisitidwa. Zikolowekeni m'chipinda chotseka pafupi ndi beseni la madzi otentha, nthunzi idzaziwongola yokha.

Woveka mkwatibwi akhale ndi kathumba kake tsiku lonse: singano yopisa kale ulusi woyera, mapini, sizasi yaing'ono ndi choko choyera chobisira dontho ladzidzidzi. Ine kathumba kotere sindikasiya chichokere tsiku lija.

Chaka chatha mng'ono wake wa mwana uja naye adapeza banja, ndipo diresi lidali lomwe lija la ku Johannesburg. Tidalitulutsa m'katoni kutatsala miyezi itatu. Amayi ena odziwa ntchito adakonza msoko wong'ambika, adachotsa zipi, adaika zingwe kumsana. Pa ulendo wachiwiri ndidamgwaditsa mwanayo pa mkeka katatu konse, mpaka atelala adaseka. Tsiku la ukwati adagwada, adadzuka, adavina kufikira dzuwa kulowa, ndipo amene adavina naye koposa onse adali mkulu wake.

Mwezi wamawa tidzakambirana za kaphikidwe ka chakudya cha khamu, kuti chikwanire onse ndipo chisaonongeke. Tsalani bwino.